KHUTBAH YA LACHISANU: KUSOWA KWA NYUMBA NDI UDINDO WA MSILAMU

Chidule cha khutbah yomwe inaperekedwa pa swala ya Jumu'ah ku Mponela, m'boma la Dowa

Kutamandidwa konse nkwa Allah Subhanahu wa Ta'ala, amene anatiyalira nthaka kuti tikhalepo, natipatsanso nzeru zomangira pogona. Tikumuyamika, tikupempha chithandizo Chake ndi chikhululuko Chake. Tikuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa m'choonadi koma Allah Yekha, ndi kuti Muhammad ndi kapolo Wake komanso Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere zipite kwa iye, akubanja kwake, maswahaba ake ndi onse owatsatira kufikira tsiku lachiweruzo.

Abale ndi alongo olemekezeka m'Chisilamu, tikudzilangiza ife eni, ndipo tikukulangizani inu nonse, kuti timuope Allah poyera ndi mseri. Kumuopa Allah kumaonekera mu mzikiti, komanso kumaonekera pa tsiku lotolera ndalama za lendi, pa tsiku logulitsa puloti, ndi pa tsiku loika maziko a nyumba. Lero tikamba za nyumba: kusowa kwake m'mizinda mwathu, mkangano wa nyumba zosanja, ndi zomwe chipembedzo chathu chikutilamula pa nkhaniyi.

Masiku apitawa kunabwera kwa ife bambo wina wachinyamata wochokera kunyanja. Amagulitsa usipa ku Lilongwe, ndipo amachita lendi chipinda chimodzi pa mdadada wina. M'chipindamo amagona iye, mkazi wake ndi ana anayi, wamkulu ndi mtsikana wa zaka 12. Chimbudzi nchimodzi cha mabanja asanu ndi atatu. Funso lake silinali la ndalama ayi. Anafunsa kuti: kodi ndili ndi tchimo kwa Allah poti ndikulephera kuwapatula anawa pogona monga Mtumiki analamulira? Tinamuyankha kuti Allah sasenzetsa munthu katundu woposa mphamvu zake. Koma atachoka tinatsala ndi funso lina: ngati tchimolo silili pa iye, nanga lili pa yani?

NYUMBA NDI MTENDERE WOCHOKERA KWA ALLAH

Mu Surat An-Nahl, ndime ya 80, Allah watchula nyumba zathu m'gulu la mitendere yomwe watipatsa, ndipo wazitcha malo opumulira. Mu Surat An-Nur, ndime ya 27 ndi 28, watiletsa kulowa m'nyumba za eni tisanaodire ndi kupereka salamu. M'surayo momwemo, ndime ya 58, walamula kuti ngakhale ana a m'nyumbamo azipempha chilolezo asanalowe kwa makolo awo pa nthawi zitatu: swala ya Fajr isanakwane, masana pomwe anthu amavula kuti apumule, ndi pambuyo pa swala ya Isha. Nayenso Mtumiki (SAW) anatiphunzitsa kuti ana akafika zaka khumi tiziwasiyanitsa pogona.

Taonani, abale athu, kuti malamulo onsewa akufuna chitseko, khoma ndi chipinda. Mwana adzaodira bwanji kwa makolo ake pomwe chowalekanitsa ndi chitenje chopachikidwa pa chingwe? Mayi adzasunga bwanji ulemu wake pomwe posamba ayenera kuima pa mzere pamodzi ndi amuna a eni? Choncho nkhani ya nyumba tisaiyese ya andale ndi akhonsolo okha. Imakhudza twahara, imakhudza swala, imakhudza manyazi ndi kaleredwe ka ana athu. Ndi nkhani ya Dini.

MOMWE VUTOLI LAKWERERA MAPIRI ATHU

Mu 1966 tauni ya Lilongwe inali ndi anthu pafupifupi 20,000. Mu 1975 inakhala likulu la dziko m'malo mwa Zomba, ndipo pofika 1977 anthu anali atayandikira 100,000. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 989,000 mumzindawu. Bungwe la Malawi Housing Corporation, lomwe linakhazikitsidwa mu 1964 kuti lizimanga nyumba, silinathe kuthamanga liwiro lofanana ndi la anthu obadwa ndi obwera. Zotsatira zake nzakuti anthu ambiri a mumzindawu anakadzipezera okha pokhala ku Mtandire, Mgona, Chinsapo, Kauma ndi malo ena otero, komwe nyumba zinayamba kumangidwa misewu, ngalande ndi mipope ya madzi zisanafike. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, womwe unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, unapeza pofera m'malo othithikana ngati amenewa. Ku Blantyre, namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagwetsa matope ndi miyala ya phiri la Soche pa nyumba za ku Chilobwe. Anthu aja sanamange m'mphepete mwa phiri chifukwa chokonda imfa. Anasowa pena pomanga.

Mzinda wa Lilongwe unakonzedwa motambalala, nyumba iliyonse pa puloti yake, ndipo mpaka lero ukukula chotambalala. Ukadzaza umasefukira kunja. Aliyense woyenda mu msewu wa M1 waona ndi maso ake momwe nyumba zatsatira msewuwo kuchoka ku Kanengo, kudutsa Lumbadzi ndi pa mphambano ya ku Dowa, kulunjika kuno ku Mponela. Pomwe tinkaona fodya, chimanga ndi mtedza, lero tikuona mipanda ya njerwa ndi ziguli za mapuloti. Dobadoba amabwera ndi ndalama m'thumba, mwini munda amalandira, ndalama imatha chaka chisanathe, ndipo ana ake amasanduka alendi pa nthaka yomwe agogo awo anakwiriridwapo.

Inu abale athu a ku Salima ndi ku Nkhotakota amene mudzawerenge mawuwa, musaganize kuti izi ndi za kumapiri kokha. Nyumba iliyonse ya njerwa zootcha imadya mitengo. Uvuni ukayaka ku Dowa kapena ku Ntchisi, mtengo wagwa m'phiri. Phiri likakhala lambee, dothi lake limatsika ndi madzi a mvula. Mtsinje wa Bua umadutsa m'malire a maboma athuwa usanakathire m'nyanja ku Nkhotakota, ndipo mitsinje yodyetsa Chia imachokera kumapiri a Ntchisi. Matope ochoka kuno amakakwirira malo oswanirana nsomba kwanuko. Nchifukwa chake mu 2018 boma linakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma ndi zamalonda. Komanso ana amene akugona mothithikana ku Mgona ndi ku Mtandire, ambiri a iwo ndi ana anu ndi athu, amene anakwera mapiriwa kudzera ku Mvera kapena ku Malomo pofuna maphunziro ndi ntchito.

GALASI LOMWE LILI PAKHOMO PATHU

Amene akufuna kuona komwe kuthithikana kumafikitsa anthu asapite kutali. M'boma lathu lomwe lino muli Dzaleka. Malowa anali ndende ya andale m'nthawi ya ulamuliro wa Dr. Hastings Kamuzu Banda, ndipo mu 1994 anasandutsidwa msasa wa anthu othawa nkhondo m'maiko mwawo. Anakonzedwa kuti asunge anthu pakati pa 10,000 ndi 12,000. Pofika 2023 munali anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda, ena ku Somalia ndi Ethiopia. Mu Meyi chaka chomwecho, boma linayamba kubweza kumsasako othawa kwawo amene ankakhala ndi kuchita malonda m'mizinda, ndipo anthu enanso anathiridwa m'malo omwe anali odzaza kale.

Sitinaimirire pano kuti tiweruze malamulo a dziko. Tikungokukumbutsani kuti pakati pa anthu amenewa pali Asilamu anzathu omwe amayang'ana Qibla imodzi ndi ife, ndipo onsewo, Msilamu ndi wosakhala Msilamu, ndi ana a Adam (AS). Tikumbukirenso kuti Ummah uno unayamba ndi anthu othawa kwawo. Gulu loyamba la maswahaba linathawira ku Habasha cha m'ma 615, ndipo amene anawalandira ndi mfumu yachikhristu, Najashi. Mtumiki mwini wake (SAW) anachoka ku Makkah mu 622 nalowa mu Madinah alibe nyumba. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

MKANGANO WA NYUMBA ZOSANJA

Poona zonsezi, akatswiri ena okonza mizinda akuti yankho nkumanga chokwera m'mwamba: nyumba zosanja zomwe ambiri amazitcha mafulati, kuti pa malo pomwe pakanakhala banja limodzi pakhale mabanja khumi kapena makumi awiri. Akuti potero minda idzapulumuka, mipope ya madzi ndi mawaya a magetsi sizidzayenda mitunda italiitali, ndipo wantchito adzakhala pafupi ndi ntchito yake m'malo mothera malipiro ake pa minibasi.

Ena akukana. Akuti Mmalawi amafuna bwalo lake, poyanika ufa, pophikira ndi mbaula, pokhazika anthu pa maliro ndi pa ukwati. Akuti madzi akasiya kutuluka, monga amachitira kawirikawiri, mayi wokhala pa nsanja yachinayi adzasenza bwanji ndowa? Akutinso mafulati omwe akumangidwa m'madera a anthu opeza bwino mitengo yake ndi ya mabwana ndi alendo a mabungwe, kotero kuti wogulitsa usipa uja sadzalowamo ngakhale atamangidwa chikwi. Simenti ndi zitsulo nazo zinakwera mtengo kwambiri ndalama ya kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Mbali zonse ziwiri zili ndi choonadi chake. Ndipo tamvanso Asilamu ena akufunsa ngati nkololedwa kuti banja lina ligone pamwamba pa mitu ya banja lina, kapena kuti munthu aziyenda pamwamba pomwe pansi pake wina akuwerenga Qur'an. Yankho lake tilipeza m'mbiri ya Mtumiki wathu.

NYUMBA YA ABU AYYUB

Mtumiki (SAW) atalowa mu Madinah, ngamira yake inakagwada pafupi ndi khomo la Abu Ayyub Al-Ansari (RA). Nyumba ya swahabayu inali yosanja. Mtumiki anasankha kukhala pansi chifukwa kunali kosavuta kwa anthu ambiri omwe ankabwera kudzamuona, ndipo Abu Ayyub ndi mkazi wake anakhala pamwamba. Olemba mbiri akutiuza kuti usiku wina mtsuko wa madzi unasweka kumwambako. Poopa kuti madzi angadonthere mlendo wawo, awiriwo anatenga chofunda chawo, chomwe analibenso china, napukutira madziwo. Ankayendanso m'mbali mwa chipinda chifukwa cha manyazi oti angaponde pamwamba pa mutu wa Mtumiki. Pambuyo pake Abu Ayyub anadandaula, ndipo Mtumiki anavomera kusamukira pamwamba. Anakhala m'nyumbamo pafupifupi miyezi isanu ndi iwiri, kufikira mzikiti ndi zipinda zake zitamangidwa.

Mu nkhani imeneyi muli maphunziro awiri. Loyamba nlakuti nyumba yosanja yokhalamo mabanja awiri si yachilendo m'Chisilamu, pakuti wolemekezeka kuposa zolengedwa zonse anagonamo, pansi ndi pamwamba pomwe. Asilamu a ku Shibam m'dziko la Yemen akhala zaka mazanamazana m'nyumba za zidina zotalika nsanja zisanu kufikira khumi ndi imodzi, pofuna kuteteza mzinda wawo ndi kusiya malo olima. Phunziro lachiwiri, lomwe ndi lalikulu, nlakuti chomwe chinasandutsa nyumba ya Abu Ayyub kukhala yodalitsika ndi chofunda chonyowa chija: mtima wa munthu amene analolera kugona ndi mphepo kuti wapansi pake asanyowe.

Maulama a Fiqh anailemba nkhaniyi kalekale. Anagamula kuti mwini chipinda chapansi saloledwa kugumula kapena kufooketsa khoma lomwe lanyamula wapamwamba, ndipo wapamwamba saloledwa kuonjezera cholemera chomwe chingaononge wapansi. Ambiri a iwo analetsanso kuboola zenera losuzumira m'bwalo la mnzako momwe muli akazi ndi ana ake. Zonsezi zikuchokera pa tsinde limodzi lodziwika mu Shariah, loti Msilamu asadzetse vuto kwa mnzake ndipo asabwezere vuto ndi vuto.

Choncho mukamva za mafulati omwe akufuna kumangidwa, kaya ku Lilongwe, ku Mponela, pa boma la Ntchisi kapena ku Salima, musayambe mwafunsa kuti ndi otalika bwanji. Funsani mafunso atatu. Loyamba: kodi adzalowamo ndani? Ngati osauka achotsedwa pa malopo kuti pamangidwe nyumba zomwe iwo sangazikwanitse, ndiye kuti vuto langosamutsidwa, lakankhidwira kuphiri ndi kudambo. Lachiwiri: kodi banja lidzasunga ulemu wake mmenemo? Pakhale chipinda cha makolo, pogona anyamata ndi pogona atsikana, bafa ndi chimbudzi cha banja lililonse, madzi odalirika, ndi bwalo la onse loti ana asewerepo ndi anthu akhalepo pa maliro. Lachitatu: kodi nyumbayo njolimba? Tili m'chigwa cha zivomezi. Akuluakulu a ku Salima akukumbukira chivomezi cha mu Malichi 1989, ndipo a ku Karonga sanaiwale cha mu Disembala 2009. Womanga amene amaba simenti ndi zitsulo, ndi wantchito wa boma amene amalandira chiphuphu kuti avomereze pulani yolakwika, onsewo adzafunsidwa za magazi a anthu amene denga lidzawagwere.

Tikunena mawu athuwa, ndipo tikupempha chikhululuko kwa Allah, chathu ndi chanu. Mupempheni chikhululuko, ndithu Iye ndi Wokhululuka, Wachisoni chosatha.

KHUTBAH YACHIWIRI

Kutamandidwa nkwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake. Abale ndi alongo, ambiri a ife sitidzamanga nyumba yosanja. Koma aliyense wa ife ali ndi gawo lake pa funso lomwe bambo uja anatisiyira.

Kwa inu eni nyumba za lendi: kubwereketsa nyumba ndi malonda a halali, ndipo Allah adalitse phindu lanu. Koma Shariah ikufuna kuti mtengo ndi nthawi zidziwike poyera pa tsiku la pangano, ndipo ndi bwino kulemberana pamaso pa mboni. Musakweze lendi pakati pa pangano chifukwa choti wina wakulonjezani zambiri. Kukonza denga lodontha ndi kukumba chimbudzi chokwanira ndi udindo wanu. Musamange mdadada wa zipinda khumi nkukumba dzenje limodzi. Mlendi akachedwa kulipira chifukwa cha matenda kapena kutha kwa ntchito, kumbukirani kuti Surat Al-Baqarah, ndime ya 280, ikutilamula kumudikira wangongole amene ali pa mavuto. Kuzula chitseko, kusasula malata kapena kutaya katundu wa mayi wamasiye pa mvula si khalidwe la munthu amene amagwetsa mphumi yake pansi kasanu pa tsiku.

Kwa inu alendi: nyumba ya mwini ndi amanah m'manja mwanu. Lipirani pa nthawi yake ngati muli nazo, ndipo musathawe usiku ndi ngongole. Madzi anu otsukira asalowe pakhomo pa mnzanu, wailesi yanu isamulande tulo. Mtumiki (SAW) anatiuza kuti mngelo Jibril anapitiriza kumulangiza za woyandikana naye nyumba mpaka iye anaganiza kuti adzapatsidwa gawo pa chuma chamasiye.

Kwa inu eni minda ndi mafumu athu: nthaka siberekana. Musanagulitse, khalani pansi ndi banja lonse, ndipo alongo anu ndi ana amasiye alandire gawo lawo. Kugulitsa puloti imodzi kwa anthu awiri ndi haramu yoonekeratu. Lamulo la malo a makolo la mu 2016 linatsegula njira yolembetsera malo. Funsani ku ofesi ya DC momwe mungatetezere munda wa ana anu.

Kwa inu amene Allah wakupatsani chuma, ndi kwa makomiti a mizikiti: Allah anawatamanda ma Ansar mu Surat Al-Hashr, ndime ya 9, chifukwa chokonda anthu amene anasamukira kwa iwo ndi kuwatsogoza ngakhale iwo eni anali osowa. Sa'd bin Rabi' (RA) anafuna kugawa chuma chake pakati ndi Abdur Rahman bin Auf (RA). Amene analibe kolowera konse, Mtumiki anawapatsa pogona pa khonde la mzikiti wake, ndipo amenewo ndiwo Ahlus Suffah. Umar bin Khattab (RA) anapereka munda wake wa ku Khaibar kukhala waqf, wosagulitsidwa ndi wosagawidwa, phindu lake nkumapita kwa osowa. Ife tazolowera kupereka waqf ya mzikiti ndi manda basi. Pali midzi yomwe ili ndi mizikiti iwiri yoyang'anizana, pomwe mwalimu wa madrassah akugona m'kachipinda kodontha. Mizikiti yambiri ili ndi malo ongokhala kuseri kwake. Bwanji osamangapo zipinda zabwino za mabuloko a simenti, ngakhale zosanja kumene malo achepa, zoti azikhalamo amwalimu, amayi amasiye ndi ophunzira ochokera kunyanja, pa mtengo womwe angaukwanitse? Ndalama zake tisonkhe tokha mwezi ndi mwezi, zilembedwe m'buku loti aliyense aziliona, ndipo titalikirane ndi katapira ndi ngongole za riba. Mutu umodzi susenza denga.

Pomaliza, tisakhale chete pamene khonsolo yaitanitsa anthu kudzakambirana za mapulani a tauni. Tipiteko, tikafunse mafunso atatu aja mwaulemu, m'malo mwa anthu amene mawu awo samveka. Aliyense wa ife pochoka pano adzifunse kuti kodi amene wayandikana naye nyumba wagona bwanji usiku wathawu, ndipo ngati sakudziwa, akamuone lero lomwe dzuwa lisanalowe.

O Allah, tikhululukireni machimo athu, tikulitsireni pokhala pathu, ndipo tidalitsireni m'zomwe mwatipatsa. O Allah, apatseni pogona amene alibe pogona, abwezereni mtendere othawa kwawo amene ali ku Dzaleka ndi kwina kulikonse, ndipo atsogolereni atsogoleri athu ku chilungamo. O Allah, achitireni chisoni makolo athu amene anatsogola, muwalitse manda awo, ndipo mutimangire ife ndi iwo nyumba ku Jannah. Ameen.

Imirirani tiswali, Allah akuchitireni chisoni.